Ndalama za ku Joni zimafika msanga, koma zimafika zolumidwa

Mlongo wanga wamng'ono amawotcherera zitsulo ku Johannesburg, ndipo watha zaka 9 ali kumeneko. Amene ndimalandira ndalama zake kuno ku Chipata ndine. Sikuti ndine wochenjera kuposa ena kwathu ayi, koma ndine chisamba, ndimakhala m'tauni, ndipo ndimagulitsa nshawa ndi nyemba pamsika wa Kapata, ndiye kuwerenga ngwee ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Kwa zaka 3 tsopano akhala akutumiza kudzera ku kampani ina ya pa foni, ija yoti iye amalipira ma rand kumeneko, ine ndikulandira makwacha m'foni yanga. Azimayi anzanga a m'chilimba amandifunsa kawirikawiri ngati ili bwino, poti ambiri ali ndi ana ku Joni, ku Cape Town, ena ku Botswana. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba kamodzi. Dzina la kampaniyo ndalisiya dala. Zimene ndikunena pano mudzazipeza kwa ambiri a iwo.

Ndiyambe ndi chabwino, chifukwa chilipo ndithu. Kale tinkatumizirana kudzera kwa anthu a basi. Iye ankapita ku Park Station, n'kupatsa kondakitala enivelopu, basi n'kuyenda masiku awiri mpaka ku Intercity ku Lusaka. Pamenepo enivelopu ija inkayenera kupeza munthu wina woti ayitenge ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road, kudutsa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, mpaka kuno. Manja atatu, nthawi zina anayi. Ulendo wina inafika itatsegulidwa pakona ndi kumatidwanso ndi selotepu, mkatimo mukusowa R300, ndipo aliyense amene anaigwira analumbira kuti sanaone kanthu. Ukamufunsa ndani? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Zitafika, ndinkayambanso kusaka wosintha ma rand, amene ankaona pankhope panga kuti ndili pachangu n'kundipatsa reti yake yake.

Lero iye akadina kumeneko, ine ndisanamalize kuyezera kasitomala meda ya nshawa, foni yalira m'chitenje. Amai atagwa ndi BP chaka chatha, ndinamuimbira 19 koloko, ndipo pofika 19:20 ndinali nditalipira kale galimoto yowatenga kumudzi kwathu, njira ya ku Chadiza, kubwera nawo kuchipatala. Pa chimenecho chokha sindingainyoze kampaniyi. Ndiponso sanamuvutitse polembetsa: anajambula pasipoti yake ndi nkhope yake pa foni, basi. Kwa anthu athu ambiri ku Joni, amene sangatsegule akaunti ku banki chifukwa alibe mapepala a nyumba kapena payslip, chimenechi si chaching'ono. Ine kuno chimene chinafunika n'choti dzina la pa simu lifanane ndi la pa reji.

Tsopano tiyeni tiwerenge, poti pamene pali nkhani ndi apa.

Ndinalemba m'kope langa la ngongole zonse za mwezi wa November 2024. Iye anafuna kutumiza R2,000. Chaji inali R100, ndiye m'thumba mwake munatuluka R2,100. Tsiku limenelo reti ya pamsika inali pafupifupi K1.50 pa rand imodzi. Mwana wanga anandionetsa pa intaneti. Kutanthauza kuti thukuta limene linachoka ku Joni linali la K3,150. Koma kampani inasintha pa K1.45, ndipo m'foni mwanga munalowa K2,900. Taonani bwino apa. Chaji ya R100 amailemba ndi zilembo zikuluzikulu, aliyense amaiona. K100 ya pa reti sailemba paliponse kuti ndi chaji, imangosungunuka ngati mchere m'ndiwo. Mlongo wanga anatha zaka ziwiri akuganiza kuti amalipira R100 yokha.

Kenaka pabuthi. Ndalama ya m'foni sumangira nyumba pokhapokha wogulitsa mchenga avomere, ndipo wa ngolo amene amatitutira mchenga amafuna ya pamanja. Ndinapita kwa mtsikana amene ndimatapa kwa iye nthawi zonse, mwana waulemu, amakhala m'kabuthi kotentha ngati uvuni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kope lake lili pamwendo, mafoni atatu ali pathabwa. Anayang'ana m'kabokosi kake n'kunena kuti, "Amai, kashi yasila, ndingakwanitse 1,500 chabe." Inali pa 29, tsiku limene aphunzitsi, manesi ndi apolisi onse amatapa. Ndinatapa K1,500 kwa iye, yotsalayo ndinakatapa mabuthi anayi kutsogolo. Kutapa kawiri, chaji kawiri: K55 yonse pamodzi. M'manja mwanga munatsala K2,845.

K3,150 kuchotsa K2,845 ndi K305. Pa K100 iliyonse, pafupifupi K10 inatsala m'njira. Nthawi imeneyo ndalama imeneyi inali mapoketi a simenti pafupifupi awiri. Mwezi ndi mwezi, chaka chonse, ndi mapoketi oposa 20 amene sanafike pa puloti, ndipo nyumba imene tikumangayi ndi ya zipinda zitatu zokha.

Sindikunena kuti ife ndi amene tatsoka kuposa onse. A World Bank akhala akulemba kwa zaka zambiri kuti kutumiza ndalama kumaiko a Africa a kum'mwera kwa Sahara n'kodula kuposa kutumiza kudera lina lililonse padziko, pafupifupi 8 peresenti pa $200, ndipo South Africa ili m'gulu la maiko odula kwambiri kutumizira ndalama kuchokerako. Maiko a United Nations, Zambia ili momwemo, anagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 mtengo umenewu utsike kufika pansi pa 3 peresenti, ndiponso pasatsale njira ina iliyonse yodula kupitirira 5 peresenti. Pa K3,150 yanga ija, 3 peresenti ikanakhala K95 basi. Chimene chimandiseketsa n'choti munthu wa ku London amatumiza motchipa kuposa mlongo wanga, chonsecho Joni ndi pafupi, basi imafika. Mabanki aakulu a maiko a SADC anakhazikitsa njira yawo yolipirirana mu 2013, ndipo imayendera rand yomweyi. Nanga ife a R2,000 phindu lake tidzalilawa liti?

Pali china chimene sindingaikire kampani mlandu ngakhale chimapweteka. Mu 2025 kwacha inalimba, dola inatsika kuchoka cha m'ma K28 kufika cha m'ma K23, ndipo rand inatsika nayo. R2,000 yomwe ija inayamba kubwera ngati K2,600. Pa wailesi ankasangalala, ine ndinkayang'ana mtengo wa malata ukukana kutsika. Amai kumudzi sanamvetse, anaganiza kuti mwana wawo wayamba kuumira, kapena kuti ine ndikudula. Ndinachita kupita ndi kope langa kukawaonetsa. Amene simunalandirepo ndalama za m'bale simudziwa mtolo umenewu: wolandira ndiye amakhala wakuba wa m'banja.

Pa nkhani ya chithandizo zinthu zikavuta, apa ndiye kampaniyi yandikhumudwitsa. Mu 2024, chilala chija chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, madzi ku Kariba anatsika, malaiti ankapita tsiku lonse, netiweki nayo n'kumagwa. Mwezi wa September iye anatumiza Lachisanu madzulo, kwa iye kunalemba kuti zapita, kwa ine zii. Ndinaimba nambala yawo ya kuno, ndinamvera nyimbo mpaka ma unit anatha. Ndinaimbanso mawa lake, mnyamata wina anandiuza kuti vuto lili kwa a netiweki. A netiweki anati vuto lili kwa otumiza. Ndalama inalowa Lachiwiri, popanda ndi "pepani" yemwe. Inali ya fizi ya mwana wa mchemwali wathu amene ali ku koleji, ndipo tsiku lomaliza kulipira linali Lolemba. Ndinakongola kaloba kwa masiku anayi, n'kubweza ndi mwana wake. Onse amene ndinalankhula nawo ankalankhula Chingerezi chothamanga. Ine ndinafika Form 3, ndinalimbana nacho. Amai akanakhala iwo akanangodula foni.

Ndiponso pali mameseji aja a akuba: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lidzabwera lakuti." Amabwera kwa aliyense, ndikudziwa, koma munthu amene akudikiradi ndalama ndi amene amagwa. Mnzanga wina wa pamsika anaimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku ofesi, akuti ndalama za mwana wake zakakamira, atchule PIN kuti azimasule. Anatchula. Kampani imene imadya pafupifupi K8 pa K100 ingalephere kutumiza meseji imodzi ya m'Chinyanja yonena kuti ife sitifunsa PIN?

Koma dandaulo langa lenileni si machaji. Ndi loti njira yonseyi inamangidwa kuti ithere pabuthi. Ndalama ikalowa m'foni, chimene foni imadziwa kukuuza ndi chimodzi: katape. Ndipo ndalama ya pamanja ili ndi fungo. Ndisanafike kunyumba, amalume aimba kuti njinga yathyoka, msuweni ali ndi maliro a kuchimuna, mwana akufuna mabandulo. Onsewa si abodza, mavuto ndi enieni, koma mlongo wanga sanapite kukapsa maso ndi moto wa welding kuti azikonza njinga za mudzi wonse. Iye akufuna zinthu zitatu, ndipo amazibwereza pa foni iliyonse: "Asisi, fataleza wa amai, fizi ya mwana, ndi nyumba." Bwanji pa app yakeyo pasakhale poti adine kuti K400 iyi ndi ya FISP ya amai, pulogalamu ya boma ya fataleza wotchipa, ilowe kumene alimi amalipira gawo lawo? Bwanji asathe kulipira mapoketi 10 ku hadiweya ya kuno, ine ndingopita ndi reji ndi ngolo? Ma unit a malaiti ndi a foni amatha kundigulira ali komweko, ndiye nzeru yake ilipo kale. Chikusowa ndi kufuna.

Zimenezi zimandikumbutsa ambuya aamuna, atate awo a amai. Iwo anali a m'badwo uja wothamangitsidwa ndi msonkho, tauni ino ikutchedwa Fort Jameson. Anzawo ambiri ankapita ku Halale ndi ku Wankie. Koma ambuya anawolokera ku Nyasaland kukalembetsa kwa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, n'kupita kumigodi ya golide ya ku Joni. Kumeneko gawo la malipiro ankalisunga, munthu n'kudzalandira atabwerera. Ambuya anabwera ndi njinga, bokosi lachitsulo, ndi ndalama imene inagula ng'ombe ziwiri, ndipo ng'ombe zimenezo ndi zimene zinaphunzitsa amalume. Musandimve molakwa, sindikulira Wenela. Anabweranso ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda, ndipo ndalama ija sankasunga mwa kufuna kwawo, inali chingwe choti munthu asachone. A Kaunda anachita bwino kuletsa Wenela m'dziko muno mu 1966. Koma chinthu chimodzi ndimachiona: ndalama imene yabwera pamodzi imagula ng'ombe, imene ikubwera pang'onopang'ono imagula kapenta. Chimene ndikufuna ndi bokosi la ambuya lija, koma kiyi ali ndi mwiniwake. Kathumba kapadera m'foni, kobereka kachiwongoladzanja, koti iye aziponyamo R300 mwezi uliwonse ndipo sikatseguka mpaka October, nthawi ya mbewu ndi fataleza wa D compound.

Ndinayesa njira ya banki. Ndinasindikiza mameseji onse a zaka 3, miyezi 36 osadumpha ndi umodzi womwe, ndinapita nawo ku banki ina m'tauni muno kukapempha ngongole ya malata kuti tifolere mvula isanagwe. Mnyamata wa tayi anawatembenuza mwaulemu, n'kunena kuti, "Amai, izi ndi mphatso, si malipiro. Muli ndi payslip?" Ndinamuyang'ana. Pali anthu olembedwa ntchito amene amatha miyezi itatu osalandira, koma pepala lawo ndi lolemekezeka. Mlongo wanga sanaphonyepo, koma zake ndi mphatso. Banki yathu ya m'mudzi, ya azimayi 22 okhala pamphasa ndi bokosi la maloko atatu, inandikongoza tsiku lomwelo, chifukwa iwo amadziwa tsiku limene foni yanga imalira. Kungoti chiwongoladzanja chake ndi cha pamwezi, ndipo ndalama yake siikwana denga lonse. Kampani yotumizayi ili ndi mbiri yonse ya ndalama zimenezi m'makompyuta ake. Ikanangondipatsa kalata imene banki ingaivomereze, ikanakhala yandichitira chachikulu kuposa kunditumizira mameseji a mpikisano wowina T-shirt.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mu 2016 malamulo a dziko anasinthidwa kuti Mzambia athe kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo mu 2019 anakhazikitsa Diaspora Policy, ndondomeko yokhudza a Zambia okhala kunja. Ndi zabwino. Koma ndikamva akulankhula za diaspora, ndimaona ngati m'maso mwawo muli madokotala a ku UK ndi a ku America, anthu oti angagule mafamu. Wowotcherera zitsulo, mlonda, mtsikana wolera ana a azungu ku Cape Town, amenewa ndi amene ndalama zawo zimafika ku Chadiza, ku Vubwi, ku Lundazi, ndipo palibe amene amawaitanira ku msonkhano wa ku hotela. Ndiye mu January 2024 kunabwera levy ya pa mobile money, kuyambira 8 ngwee mpaka K1.80 munthu akatumizira mnzake. Ndi kakang'ono, inde. Koma ndalama ya ku Joni siima pa foni imodzi: ine ndimatumizira mchemwali wanga, iye amatumizira mphunzitsi wa kumudzi amene amatapira amai. Paliponse pamene yadumpha, yasiya ubweya.

Ndikuopa chinthu chimodzi, ndipo ndichinene poyera. Anthu a maofesi akayamba kunena kuti ndalama za akunja zithandize chitukuko, mawa adzafuna kuti azitiuza pozigwiritsa ntchito, kapena kuzidula msonkho wapadera. Iyayi. Iyi ndi ndalama ya banja, yadulidwa kale kumene inapezedwa. Ndiponso amene amati timangodya sanaone 2024. Chaka chimenecho chimanga chinapsa m'munda chisanabereke, ndipo thumba la ufa limene amai ankadya ndi zidzukulu zisanu linachokera ku Joni. Mwana amene wadya ndi amene amapita kusukulu, ngakhale sukulu ikhale yaulere monga zakhalira kuyambira 2022. Ngati chimenecho si chitukuko, ndiye sindikudziwa tanthauzo la mawuwo.

Chimene boma lingachite popanda kugwira thumba la munthu ndi kuika yake pambali pa yathu. Mwana wanga anandiuza za ku Mexico, kumene anthu a ku Zacatecas okhala ku America ankasonkha ndalama zomangira zinthu kwawo, ndipo pa peso iliyonse, boma lalikulu, boma la chigawo ndi khonsolo ankaikapo imodziimodzi. Mu 2002 inakhala pulogalamu ya dziko lonse, ya 3 pa 1. Ife kuno tili ndi CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, imene inakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022. Anyamata a kwathu amene ali ku Joni ali ndi gulu lawo la pa WhatsApp, ndipo amasonkha mokhulupirika, koma amasonkhera chinthu chimodzi chokha: kubweretsa mtembo wina akamwalira. Anthu amene amatha kunyamula bokosi kuwoloka malire awiri angalephere theka la mjigo, atauzidwa kuti theka linalo lilipo ndipo adzaona malisiti?

Kubwerera ku kampani yanga. Pa 5 ndikuipatsa 3. Liwiro ndi chitetezo zapambana, reti yobisika ndi chithandizo cha pa foni zagwa. Mlongo wanga tsopano ali ndi ma app awiri, ndipo asanatumize sayang'ananso chaji. Amalemba R2,000 pa onse awiri n'kuona kuti ndani akuonetsa makwacha ambiri kumapeto. Mwezi wina kusiyana kwake kunali K70. Zikanakhala bwino a Bank of Zambia akanalamula kuti aliyense azilemba reti ya pamsika pambali pa yake, monga ine ndimayezera meda pamaso pa wogula, koma podikira zimenezo, kuyerekeza n'kwaulere.

Tinasinthanso tsiku. Satumizanso Lachisanu madzulo kapena pa 29. Amadikira Lachiwiri m'mawa la sabata yoyamba, mabuthi atapuma, maofesi ali otsegula ngati china chakakamira. Za simenti sinditapanso, ndinapeza hadiweya imene imalandira pa foni, ndimalipira ndili pakauntala ndipo chaji ya kutapa imatsala kwa ine. Mwezi uno tafika pa lintala. Wa mchenga yekha ndiye akukanabe, akuti ng'ombe zake sizidya meseji.